Maina Amene A Enerst Anakana Kudumpha

Munthu akakuuzani kuti a Enerst Kambalame ndi aphokoso, muvomereni, sananame. Koma akapitirira n'kunena kuti ndi mbuli, ameneyo mumufunse kuti iyeyo anaphunzira kuwerenga ndani atamugwira dzanja. A Enerst palibe anawagwira dzanja. Sukulu anailekezera Sitandade 3 kwawo ku Kasinje, ku Ntcheu, bambo awo atamwalira, ndipo pofika mu Lilongwe ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zilembo ankangoziona ngati mapazi a nkhuku pafumbi. Aphunzitsi awo anali timatabwa ta kutsogolo kwa minibasi. Akamva anzawo akukuwa kuti "Kawale!" ankayang'ana kathabwako n'kusunga mumtima kuti chilembo chotambalala miyendocho ndiye K. Biwi anawapatsa B. Mchesi anawapatsa M. Zitatha zaka zitatu ali m'depoti anali akuwerenga nyuzipepala yokulungira chipisi, pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Ntchito yawo ndi youitanira. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo malo awo ndi pasiteji ya Chinsapo. Akati "Tauni! Depoti! Awiri okha, tikupita!" dzanja likumenya chitseko cha minibasi, mawuwo amakafika mpaka kuchigayo, mayi amene amachedwa ndi macheza n'kuyamba kuthamanga chidebe chili pamutu. Akazi awo, a Eness, amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Mwana wawo mmodzi yekha, Jemima, anakwatiwa ku Area 25.

Kutchalitchi sajomba. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi malo awo akhala pakhomo, kulongedza anthu m'mabenchi.

"Tasunthani pang'ono mayi, benchi iyi ndi ya anthu asanu ndi atatu. Chikwamacho chikhale pamiyendo, sichinabatizidwe."

Anthu amaseka, n'kumawatcha kondakitala wa Yezu. Iwonso amaseka nawo. Koma nthawi ya mawerengo ikakwana, wina atavala jekete n'kupita kutsogolo, kuwerama paguwa, kutsegula buku lalikulu lija, tchalitchi chonse n'kuti zii kumumvetsera, a Enerst ankaima pakhomo paja mtima ukuwawa. Moyo wawo wonse anthu akhala akumva mawu awo, koma palibe tsiku limodzi limene anthu anakhala chete kuti awamvetsere.

Kutchalitchi kumeneko kuli chizolowezi chakuti nyengo ya Pasaka, kuyambira tsiku la kuuka kwa Ambuye mpaka pa Pentekoste, Lamulungu lililonse mphakati umodzi ndiwo umapereka owerenga. Mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana amene amapemphera limodzi Lachitatu masana. Wa a Enerst unagwera Lamulungu lomaliza, la Pentekoste lenilenilo. Tsono mayi amene ankawawerengera nthawi zonse anali atasamukira ku Mtandire. Pamsonkhano wa Lachitatu loyamba la Pasaka anthu anayang'anana. Uyu akuti maso, uyo akuti chifuwa, winayo akuti iye khamu limamuchititsa chizungulire.

Amene anaimirira ndi a Eness.

"Amuna anga amawerenga."

Wina anatsokomola. A Enerst eni ake anafuna nthaka itang'ambika. Koma anawapatsa buku, iwo n'kuwerenga nkhani ya Tomasi wokayika uja, mosathamanga, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Atamaliza amayi anawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuthera pomwepo? Ayi ndithu. Pamwamba pa miphakati yonse pali komiti ya mapemphero, ndipo wapampando wake ndi a Gilford Mtambalika, amene anapuma pa uhedimasitala. Ndandanda ya owerenga yomata pachitseko cha tchalitchi amalemba ndi iwowo, ndi dzanja lawo lopendekera lija. Lamulo lawo ndi limodzi: wachilendo ayesedwe Loweruka, awerenge Lamulungu. Akakhoza, dzina lilowa pandandanda. Akalephera, basi, adzayesenso kumwamba.

Atamva za a Enerst anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Bambo Kambalame, sindikukanizani. Koma guwa si depoti."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Kumeneku timawerenga. Sitikuwa."

"Ndamva."

Asa! Munthu wa imvi zake kumuuza ngati mwana wa Sitandade 1. Akanakhala pasiteji a Enerst akanayankha mawu oti munthu osadya nawo masiku awiri. Koma apa anangopinda manja, n'kulandira kapepala. Nyengo ya Pasaka kuwerenga koyamba sikuchokera m'Chipangano Chakale monga masiku onse, kumachokera mu Ntchito za Atumwi. Pakapepalapo panalembedwa kuti mutu 2, ndime 1 mpaka 11.

Masana a tsiku lomwelo anakhala pakhonde, magalasi ogula mumsika ali pamphuno, a Eness akusankha nyemba pambali. Poyambira panali posavuta. Mphepo yamkuntho inadzaza nyumba, malilime onga a moto anatera pa aliyense, atumwi anayamba kulankhula zilankhulo zina, khamu linasonkhana n'kudabwa. A Enerst ankangotsetsereka ngati minibasi yopanda katundu. Kenaka anafika pa ndime 9, pamene atchula mitundu ya anthu amene analipo tsiku limenelo.

"A... Apati. Aparati. Amedi. Aela... Aelamu. A ku Meso... Mesopota... Mesopotato..."

A Eness anasiya nyemba.

"Mwati chiyani, bambo a Jemima?"

"Dikirani. Kapa... Kapado... Kapadokoya. Ponto. Asiya. Firiji..."

"Firiji? M'Baibulo?"

"Frijiya! Ndati Frijiya! Pamfi... Pamafiliya..."

Anatseka buku. Thukuta linali litatuluka pamphumi chonsecho kunja kunali kamphepo. Anawerenga mainawo ndi chala: analipo oposa khumi ndi asanu, ondondozana, opanda popumira. Iwo amene akhala m'tchalitchi pa Pentekoste zaka zonsezi sankakumbuka kuti anawamvapo. Anaganiza kuti mwina nthawi imeneyo ankakhala akulimbana ndi ochedwa pakhomo.

Anakopera mainawo pakatoni ya sopo, n'kumayenda nayo m'thumba la malaya. Ankaitulutsa podikira tiyi, ankaitulutsa kuseri kwa gulosale, ankaitulutsa ngakhale kuchimbudzi. Dzina lililonse palokha ankalitha. Kungoti awalumikize, ndi mawu ofatsa a m'tchalitchi aja, lilime linkapindika ngati lamba wa injini wotha. Akakhoza Mesopotamiya, Kapadokiya ankawagwetsa. Akadutsa pa Kapadokiya, firiji inali ikudikira kutsogolo.

Masabata ankapita. Lamulungu lililonse, ali pakhomo paja, ankayang'ana kandulo yaikulu ya Pasaka imene imayaka pafupi ndi guwa nyengo yonseyi. Anthu ena akamaiona amakumbukira kuwala kwa Khristu. A Enerst ankangoona kuti yafupikanso. Lamulungu la Mbusa Wabwino inali itatsika chala chathunthu. Kwaya ikamaimba Aleluya, amayi akuvina m'mabenchi, iwo ankangosisita katoni ija m'thumba. Ankamvetsera owerenga a miphakati ina, kufuna kumva wina akupunthwa kuti mtima ukhale pansi, koma onse ankapatsidwa ndime zosalala: Petro walalika, anthu abatizidwa, mpingo wakula. Chigumula cha maina chinasungidwira iwo okha.

Chakudya chinayamba kutsala m'mbale. Choipa kwambiri, mawu anayamba kuchepa pasiteji. Minibasi zinkanyamuka mipando ili pululu.

Amene anazindikira ndi Sharif, dalaivala wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya Lachisanu, amene wagwira ntchito ndi a Enerst zaka khumi. Tsiku lina cha m'ma 10 koloko, nthawi imene anthu amachepa, anawapeza atatsamira tayala la kumbuyo, milomo ikuyenda.

"Madala, mwayamba kulankhula nokha? Akulodzani kapena mwapeza kachibwenzi?"

"Choka apa iwe, Shehe."

"Galimoto yanga yaima theka la ola, muli anthu anayi, mmodzi ndi kondakitala. Chimene mukubisacho n'chiyani?"

Anawalanda katoni ija. Anaiyang'ana, n'kuitembenuza, n'kuiyang'ananso.

"Mankhwala a shuga awa?"

A Enerst anafotokoza zonse, za mphakati, za a Gilford, za ndandanda. Sharif anamvetsera akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Kenaka anatsitsa chala mpaka pansi pa katoniyo.

"Aarabu! Iii, ndiye kuti achibale athu analiponso? Ndiye muwatchule bwino amenewa, madala, apo ayi ndikusumirani." Anaseka, n'kudzasiya. "Komatu inu mukuvutika ndi chiyani? Awa si mayiko? Malo?"

"Malo, inde."

"Ndiye ndi masiteji, basi. Inu amene mumatchula Mchesi, Biwi, Kawale, Chilinde, Twente-firii mpweya umodzi, mukugwa ndi izi? Taitanirani."

"Usaseweretse Mawu a Mulungu iwe."

"Sindikuseweretsa. Imani apa. Gwirani chitseko. Galimoto iyi ikupita kumeneko, anthu ake akudikira. Tiyeni!"

A Enerst anayang'ana uku ndi uku. Anaika dzanja pachitseko. Chifuwa chinadzikoka chokha mpweya monga chachitira zaka makumi atatu ndi zisanu, dzanja n'kugwa pachitsulo, pha!

"Aparti, Amedi, Aelamu! Mesopotamiya, Yudeya, Kapadokiya! Ponto, Asiya! Frijiya, Pamfiliya! Ejipito, Libiya, Kirene, Roma! Akrete, Aarabu!"

Osaphonya ndi limodzi lomwe. Mainawo anatuluka ali mbee, ngati anabadwa nawo. Ogulitsa nzimbe anatembenuka. Mayi wina amene ankabwera ndi thumba la makala anaima pakati pa msewu.

"Pepani bambo, imeneyi sikupita m'tauni?"

Sharif anagwa pansi ndi phwete. A Enerst nawo anaseka mpaka misozi, koyamba m'masabata anayi. Koma pobwerera kunyumba madzulo ake, chimwemwe chija chinali chitasanduka mwala pachifuwa. Anayesa pakhonde ndi mawu ofatsa: firiji. Anayesa ndi mawu a pasiteji, dzanja likumenya chitseko cha nyumba: onse bwinobwino. Anayesa kuchepetsa liwu koma kusunga kamenyedwe: lilime linakana. Ndiye kuti mainawo anali m'kamwa mwawo ndithu, koma ankatuluka pakhomo limodzi lokha, khomo lomwe a Gilford anati lisatsegulidwe.

Loweruka loyesedwa linafika. Nthawi inali 3 koloko masana. M'tchalitchi amayi anali kukolopa, ena akupachika nsalu zofiira za Pentekoste, kwaya ikuphunzira nyimbo pansi pa mtengo panja. A Gilford anakhala pabenchi yoyamba, miyendo yopingasa, pensulo ili m'manja.

"Yambani. Weramani kaye paguwa. Osati choncho, simukutola ndalama. Eya. Yambani."

A Enerst anayamba bwino, moti a Gilford anagwedeza mutu kawiri. Mphepo inawomba, moto unatera, khamu linasonkhana. Ndime 9 inafika. Anaigwira pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala yoterera. Aparti anadutsa. Amedi anadutsa. Pa Mesopotamiya anaterereka koma anadzigwira. Kapadokiya anatuluka wopunduka mwendo.

"Ku Firiji... ku Firijiya ndi ku Pamafi..."

Mayi wina wokolopa anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mnzake analephera kudzigwira, anathawira panja.

"Basi," anatero a Gilford.

Anaimirira n'kubwera pagome lowerengerapo. A Enerst anadikira chigamulo, maso ali pansi. Koma mkuluyo analankhula motsitsa, mwaulemu ndithu.

"Bambo Kambalame, mwandidabwitsa. Mumawerenga bwino kuposa ena amene ali pandandanda. Vuto ndi apa pokha." Anajambula kamzere ka pensulo pamwamba pa ndime 9, kena pansi pa maina omaliza. "Mukafika apa, mudumphe. Mungoti, anthu a mitundu yosiyanasiyana, n'kupitiriza apa. Mukatero mawa, dzina lanu ndilemba Lolemba."

"Ndidumphe?"

"Ine ndawerenga ndime imeneyi zaka zambirimbiri, ndipo ndimadumpha. Amene ndinawaphunzitsa onse amadumpha. Anafa nazo ndani? Mainawa sapindulira munthu wa ku Chinsapo."

Mwamva? Zaka zonsezi munthu ankadziimba mlandu kuti samvetsera m'tchalitchi, chonsecho mainawo sanatchulidwepo n'kamodzi komwe! Ahedi athunthu, a satifiketi zawo m'mafelemu, ankazemba pamalo pomwe pankagwetsa munthu wa Sitandade 3. Ndipo musaganize kuti ankawatchera msampha a Enerst, ayi. Ankawachitira chifundo, ndipo chifundo chimenecho ndicho chinawawa kwambiri.

A Enerst anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. A Eness anali atamva kale, pakuti nkhani ya firiji inafika mumsika iwo asanatuluke n'komwe m'tchalitchi.

"Dumphani, bambo a Jemima."

"Hmm."

"Musati hmm. Ndinaimirira ndine pamaso pa anthu. Lero mumsika wina wandifunsa ngati tomato wanga ndimasunga mu Frijiya. Akupatsani njira, idutseni. Dzina lilembedwe, muzivala jekete ngati anzanu."

"Mayi a Jemima, ine chiyambire ntchito yanga sindinasiyepo munthu pasiteji ataimika dzanja. Ngakhale galimoto itadzaza, ndimamuuza kuti dikirani, ikubwera ina. Awa ndiwasiye bwanji? Anabwera kuchokera kutali, analipo, anawalemba."

"Anthu ake anafa kalekale!"

"Anafa, koma anawalemba."

"Ndiye mukakuwe m'tchalitchi? Mukamenye guwa ngati chitseko cha Sharif? Akakuchotsani, simudzabwereranso kutsogolo kuja mpaka tsiku la bokosi lanu."

Mayiwo ankanena zoona, ndipo a Enerst ankadziwa. Anakhala pakhonde katoni ija ili m'manja, yofewa tsopano ngati nsanza. Akaganiza zodumpha, ankaona dzina lawo pachitseko m'zilembo zopendekera zija, ndipo mtima unkalifuna dzinalo, unkalifuna zedi. Akaganiza zotchula, ankamva tchalitchi chonse chikuseka. Mpaka a Eness kuwaitana kuti madzi osamba azizira, anali asanasankhe.

Lamulungu kunacha ndi chisanu cha mwezi wa Meyi. Anavala jekete yobwereka kwa mkamwini wawo, yothina m'khwapa. Misa yachiwiri inadzaza mpaka anthu kuima m'mawindo, ambiri atavala zofiira. Kwa nthawi yoyamba a Enerst anakhala kutsogolo, pabenchi ya owerenga. Atacheuka anaona kuti amene anawagwirira ntchito pakhomo wasiya mipata m'mabenchi atatu anthu ali chiimire kumbuyo, ndipo miyendo inafuna kunyamuka yokha kukakonza. Anaigwira ndi manja.

Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu inatha. Abambo Mfumu anapemphera, anthu n'kukhala pansi. Mabenchi analira, ana anatontholetsedwa, kenaka kunati zii.

A Enerst anayenda. Anawerama paguwa. Buku linali lotsegula kale, timizere ta pensulo tija tikuoneka. Kandulo ya Pasaka inali pambali pawo penipeni, yaifupi, ikuyaka tsiku lake lomaliza la nyengoyi, moti ankamva kafungo ka phula.

"Kuwerenga koyamba, kuchokera m'buku la Ntchito za Atumwi."

Mawu anatuluka ofatsa, olemera, ndipo anthu mazanamazana anali chete kuwamvetsera. Chete weniweni. A Enerst anamva kukoma kwake mpaka m'mafupa, n'kudziwa kuti chinthu chimenechi akuchifunanso, sabata ndi sabata, mpaka kukalamba. Anawerenga za mphepo. Anawerenga za moto. Anafika pamene khamu likufunsana kuti zatheka bwanji kuti aliyense akumva m'chilankhulo cha kwawo.

Chala chinaima pakamzere ka pensulo.

Anakweza maso. A Eness anali pakati pa amayi a mphakati, mutu uli pansi, akupotokola kansalu. A Gilford, pabenchi yoyamba, anakweza chala n'kuchidumphitsa m'mwamba pang'ono, ngati chiwala. Wina anatsokomola kumbuyo. Chete uja anayamba kutalika, kusanduka chete wina, wa anthu amene akuona kuti munthu wasochera.

"Aparti," anatero a Enerst motsitsa. "Amedi. Aelamu. A ku Meso... a ku Mesopo..."

Lilime linapindika. Anamva kuseka kukuyamba kufufuma kwinakwake kumanzere. Anali atadutsa kale kamzere kaja, kubwerera kunalibe, ndipo kutsogolo kunali phompho. Pamenepo chifuwa chinadzikoka chokha mpweya. Dzanja linanyamuka iwo osalituma, n'kugwa pagome, pha! Maikolofoni inalira tswii.

"Mesopotamiya, Yudeya, Kapadokiya! Ponto, Asiya! Frijiya, Pamfiliya! Ejipito, Libiya wa ku Kirene! Alendo a ku Roma! Ayuda ndi otembenuka! Akrete, Aarabu!"

Malata anachita kunjenjemera. Ogulitsa mandasi kunja kwa mpanda anamva dzina lililonse. Ndipo pakamwa, poti pazolowera kuti mndandanda ukatha pamabwera liwu limodzi lokha, panapitirira pokha:

"Tiku..."

Tikupita. Linali litafika kale pamilomo. A Enerst anaona mdima. Maso anagwera pabuku, pansi pa kamzere kachiwiri, ndipo liwu lotsatira pamenepo linkayambanso chimodzimodzi.

"...tikuwamva," anamaliza, "tonsefe tikuwamva akulankhula m'zilankhulo zathu za ntchito zazikulu za Mulungu."

Anapuma.

"Awa ndi mawu a Ambuye."

Yankho lakuti tiyamike Mulungu linabwera losokonekera, ena mokweza kwambiri, ena akulimbana ndi phwete. Kumbuyo achinyamata anali atagwirana mapewa. Khanda lina linalira ndi mantha. Gogo wina wa gulu la mapemphero la Lejio anaimba nthungululu yekhayekha, mnzake n'kumukoka chitenje. Abambo Mfumu anali ataphimba nkhope ndi dzanja, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati ankapemphera kapena ankaseka. Pa ulaliki sanatchulepo kanthu za nkhaniyi.

Misa itatha ena anawagwira chanza. Gogo uja anawauza kuti iye wapemphera pamenepa chimangire tchalitchi, koma sankadziwa kuti tsiku la atumwi lija kunabwera anthu ochuluka chotero. Ena ankakuwa chapatali kuti, "Kapadokiya, mmodzi yekha!" A Gilford anatseka buku, n'kulinyamula, n'kudutsa pafupi nawo osawayang'ana. A Eness anayenda nawo mpaka kunyumba osalankhula, koma pokhota pa chigayo anawachotsa kaulusi paphewa la jekete.

Lolemba a Enerst anazembera kutchalitchi nthawi ya nkhomaliro. Pachitseko panalibe kanthu, ndandanda yakale anali ataichotsa, yatsopano isanamatidwe. Lachiwiri chimodzimodzi, zinangotsala zipsera za guluu. Chakudya chinayambanso kutsala m'mbale.

Lachitatu m'mawa, akuitanira galimoto ya Sharif, anangoona a Gilford akubwera ndi ambulera yawo ndi chikwama cha mapepala, ulendo wa m'tauni. A Enerst anasiya kuitanira. Anawatsegulira chitseko cha kutsogolo. Mkuluyo anakwera, n'kukhala, n'kukonza buluku pamaondo, n'kutsitsa galasi.

"Bwanji mwasiya? Itanirani, tichedwa."

"Aphunzitsi, za Lamulungu zija..."

"Komiti inakumana dzulo. Ena akuti munanyoza guwa. Ena akuti aka n'koyamba ndime ija kuwerengedwa yonse. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira."

"Nanga inu munati chiyani?"

"Ine ndinati guwa simunalinyoze. Munanyoza ine. Zimenezo n'zosiyana." Anatsegula chikwama n'kutulutsa kapepala. "Miyezi ikubwerayi simuwerenga. Anthu ayambe aiwala kaye, chifukwa mukangoimirira aziseka musanatsegule pakamwa. Koma dzina ndalemba. Pasaka wa chaka chamawa, Lamulungu lachisanu. Ndime imeneyo owerenga anga onse amaithawa, chaka chake chikafika aliyense amadwala chimfine."

A Enerst analandira kapepalako ndi manja awiri. Dzina lawo linalipo, Enerst Kambalame, m'zilembo zopendekera. Pansi pake panali mutu 14, ndipo a Gilford anali atakoperapo maina: Listara, Ikoniyo, Antiokeya, Pisidiya, Pamfiliya, Perga, Ataliya.

"Chaka chathunthu, aphunzitsi?"

"Muli nayo nthawi yophunzitsa dzanja lanulo kukhala m'thumba. Likadzamenyanso gome, ndidzafufuta ndekha." Anayang'ana kutsogolo. "Paja munati Fri... munalitchula bwanji lija?"

"Frijiya."

"Frijiya," anabwereza a Gilford motsitsa, n'kukweza galasi.

Sharif analiza hutala. "Madala! Mipando itatu iyo, mukufuna ndinyamule mphepo?"

A Enerst anaitanira, anthu atatu anakwera, galimoto inanyamuka. Fumbi lisanathe anali atatulutsa kale magalasi. Anaika dzanja lamanja m'thumba, n'kuligwira zolimba mkati momwemo, n'kuyamba motsitsa.

"Listara. Ikoniyo. Anti... Antiyo... Antiyoko..."

Anabwerera pamwamba pa kapepala, n'kuyambanso.